Manda a Nthochi

Nkhani iyi simuikhulupirira, ndikudziwa, ndipo sindikupemphani. Amene akudziona kuti ndi wochenjera ayesere. M'katimu ndaikamo bodza limodzi, limodzi lokha, ndipo amene alitole ndisanafike kumapeto ndimubereka kumsana mpaka kwawo, ngati kwawoko ali nako.

Padangokhala. Vomerani mokweza inu, si pamaliro pano. Maliro ali kutsogoloku.

Padangokhala mtsinje umodzi ndi maiko awiri a nyama. Kumadzulo kunkalamulira mfumukazi Ntchefu, ndipo mwambo wa kumeneko unali wakuti mwana ndi wa mayi; bambo ndi mlendo wongobwera kudzaluka nkhokwe. Kum'mawa kunkalamulira mfumu Njati, ndipo uko mwana anali wa bambo. Mayi ndi mlendo wongobwera kudzasinja. A kumadzulo ankaseka a kum'mawa, a kum'mawa ankaseka a kumadzulo, aliyense akuti makolo anzeru anali ake.

Tsono panali Kanyimbi. Bambo ake anali a kumadzulo, anawoloka kukasaka ziwala n'kupezako mkazi. Mayi akewo anali a kum'mawa. Makolo onse atamwalira, a kum'mawa anati, "Mwana ndi wa bambo, pita kwa abambo ako." Kanyimbi anawoloka. A kumadzulo anati, "Mwana ndi wa mayi, kuno wadzatani?" Koma poti mtsinje unali utadzaza, anamulola kuti adikire madzi aphwe. Anadikira, anadikira, mpaka mzere woyera wa pamsana pake unasiya kudziwika ngati ndi wobadwa nawo kapena ndi imvi.

Dzina lake kumeneko linali limodzi: wobwera. Munda sanampatse. Pabwalo sankayankhula. Anampatsa ntchito imene eni dziko saifuna, ya udzukulu. Paja kumadzulo mbale sakhudza mtembo wa mbale wake. Pamafunika wakunja woti asambitse, akulunge m'mphasa, akumbe dzenje, akwirire. Kanyimbi ntchitoyi inamukhala. Zikhadabo anali nazo, ndiye kunalinso fungo lake lija, loti mtembo wogonera ukakhala pambali pake unkamveka ngati maluwa. Anakwirira nduna, anakwirira ana a nduna, anakwirira azakhali a mfumukazi. Ankadziwa amene wagona pati, mutu waloza kuti.

Pokumba ankayimba. Nyimbo yake inali yaifupi: wotsogolera amafunsa nthaka kuti kodi ndi ya yani, wovomera n'kuyankha kuti ndi ya amene agonamo. Inali ndi kamayimbidwe kopepuka, koti olira ankapezeka akugwedeza mitu pamaliro, kenako n'kuchita manyazi. Wovomera wake anali mwana wake wamkazi, Ndilekeni, mtsikana wa pakamwa pakuthwa ngati bambo wake.

Mtsikanayu mayi ake anali wa kum'mawa, wothawa njala. Atamwalira, abale ake anabwera pa bwato n'kunyamula mtembo, mwana n'kumusiya pagombe.

"Mwana ndi wa bambo," anatero akupalasa.

"Mwana ndi wa mayi!" anakuwa a kumadzulo. "Mwaiwala katundu wanu!"

Bwato silinabwerere.

Chaka china mvula inadula, nkhokwe zinatsala pululu. Eni dziko atatopa kuwerenga chakudya anayamba kuwerenga pakamwa. Nungu, nduna yosunga miyambo, anakwera pachulu, minga yake ili tayale.

"Tamverani! Mfumukazi yati mvula yoyamba ikamagwa, wobwera aliyense akhale atapita kwawo. Wopezeka kuno tidzamusiya pamchenga wa pakati pa mtsinje, akakambirane ndi Ng'ona."

Kanyimbi anatenga mwana wake ulendo wa kwa Nungu.

"Odi, a nduna."

"Ima pomwepo, mphepo ikuchokera kumeneko. Ukufuna chiyani, wobwera iwe?"

"Ndimati mundilozere kwathu, ndiyambepo kulongedza."

"Kwa amayi ako."

"Kwa amayi anati kwa abambo."

"Amenewo mwambo saudziwa. Pita ukawaphunzitse."

"Nanga mwanayu? Anabadwira konkuno. Mchombo wake unagwera kuseri kwa nkhokwe yanu yomweyi."

"Mchombo ndi chinyalala. Ife timayang'ana mimba imene anatulukamo."

Anawoloka, nakagwada kwa mfumu Njati.

"Mfumu, mtsikana uyu amayi ake ndi a dziko lino. Agogo ake aakazi ndi a dziko lino. Inenso ndinabadwira konkuno."

"Bambo wake ndani?"

"Ndine."

"Nanga iwe bambo wako?"

"Wa kumadzulo."

"Ndiye mukuchedweranji? Bwato likadali pagombe."

"Uko akuti ndife a kuno."

"Dziko lolamulidwa ndi mkazi lingadziwe chiyani? Ndakumvera chisoni, mphwanga, chisoni chenicheni. Koma mwambowu sindinaupange ndine."

Njati anagwetsadi msozi, waukulu ngati chipwete, n'kuwapatsa kachinangwa kodya panjira. Kachinangwako kanali kowawa.

Ali m'bwato, Ndilekeni anafunsa, "Ababa, ndiye ife ndife a kuti?"

"A m'bwato muno."

"Bwatoli nalo ndi la eni."

Kanyimbi anaponya maso kutsidya. Mutu wake unali kumanda. Kumadzulo kunali mwambo wina umene eni ake ankaukumbuka pamaliro pokha: mwana amene kholo lake lagona m'manda a dzikolo sathamangitsidwa. Akapita, adzasesa mandawo ndani? Ndipo mzimu wa manda osasesedwa umalowa m'mudzi n'kumatsamwitsa ana. Vuto linali lakuti wobwera saikidwa m'manda. Akafa amakamutaya pamchenga paja. Kuti ukhale mwini dziko upeze manda, kuti upeze manda ukhale mwini dziko. Makolo aja anamanga mfundo yake molimba ndithu.

"Mwanawe," anatero Kanyimbi, "kulira umakutha?"

"Ndakulira pamaliro, ababa."

"Chabwino. Ine ndiyenera kufa."

"Ababa!"

"Kufa pang'ono chabe."

M'mawa mwake Kanyimbi anakagona pakati penipeni pa manda, miyendo m'mwamba, lilime panja, n'kutulutsa fungo lonse limene anasunga chibadwire. Maganizo ake anali akuti palibe angalimbe mtima kumunyamula mpaka kumtsinje. Angomukankhira dothi pomwepo, nkhani n'kutha. Iye n'kudzafukuka anthu atabalalika. Ndilekeni analira mokweza mpaka mbalame zinathawa m'mitengo.

Nungu anafika atatsina mphuno.

"Wafera pamanda? Wakuba uyu, ngakhale pa imfa! Anyamata, kaduleni nsungwi zazitali."

Anamukunkhuniza ndi nsungwi ali patali. Anadutsa naye pa chitedze, Kanyimbi ali chete. Anadutsa naye pa linthumbu, Kanyimbi ali chete. Atafika pamadzi, Ng'ona anayasamula, malemu n'kudzambatuka, liwiro mpaka kuseri kwa Nungu.

"Ndinangokomoka ndi njala, a nduna."

"Ukadzafuna kukomokanso, ukomokere pafupi ndi madzi. Anyamatawa manja awapweteka."

Kum'mawa mitambo inayamba kusonkhana. Obwera ena anali atayamba kale kumanga mitolo yawo, amene anali ndi kolowera. Kanyimbi ankangoyendayenda akudzikanda chitedze, akuganiza.

Tsiku lina anapeza mkulu wina wa eni dziko, a Nguluwe, atagona m'ngalande. Anali atadya masau owola mpaka kuledzera, ndipo akaledzera choncho ankagona ngati chipika. Kanyimbi anawazungulira, uku akuthira fungo, uku akuthira fungo, kenako n'kuthamangira kwa akazi awo atanyamula manja kumutu.

"Mayi, limbani mtima. Bambo atisiya. Anunkha kale."

Mudzi wonse unathamangira kungalande, koma fungo linawaimitsa patali. Nanga akanayandikira bwanji? Mwambo suwalola kukhudza wakufa wawo. Wokhudza ndi mdzukulu, ndipo mdzukulu wanena kuti munthu wapita. Maliro anabuka. Amayi anadzigwetsa pansi, nkhuku zinagwidwa, Nungu analoza malo okumba.

Kanyimbi anakumba tsiku limenelo ngati sanakumbepo. Anakumba dzenje lakuya, nakumba kachipinda ka m'mbali kogonekamo mtembo, monga mwa nthawi zonse. Koma atafika kumapeto kwa kachipindako sanaime. Anapitiriza kauna kakang'ono, kokwana iye yekha, kodutsa pansi mpaka kukatulukira pa chitsamba cha minga kunja kwa manda. Potulukira pa kaunako anatsekapo ndi masamba. Nthawi yonseyi nyimbo ija ili pakamwa, iye kufunsa nthaka kuti ndi ya yani, Ndilekeni pamwamba kuvomera kuti ndi ya amene agonamo, kuti olira asadabwe kuti dzenje likuchedwa bwanji.

Dzuwa litapendeka, a Nguluwe anadzuka ndi mutu waukulu. Anamva kulira, n'kutsatira. Anafika kumanda n'kukhala pansi kumbuyo kwa anthu mwaulemu.

"Pepani, wamwalira ndani?"

"Ndi a Ngulu…"

Amene anayankhayo sanamalize. Anthu anathawira uku ndi uku, ena kugwera pa manda a azakhali a mfumukazi. Mayi Nguluwe anakomoka, n'kutsitsimuka, n'kuwamenya amuna awo ndi mthiko.

Nungu anatembenukira kwa Kanyimbi, minga yonse itaima.

"Iwe! Unati amwalira!"

"Pepani, a nduna, ine ndi wobwera. Imfa ya eni dziko sindinaizolowere. Kwathu munthu akagona choncho ndiye kuti wapita."

"Kwanu kuti?"

"Ndi zomwe ndakhala ndikukufunsani."

Koma panalibe nthawi yokangana. Dzenje linali yasa, ndipo aliyense ankadziwa kuti dzenje lokumbidwa siligona lopanda kanthu. Likagona ndi njala limaitana wina m'mudzi. Amayi anayamba kukokera ana awo kumbuyo.

Pomwepo Kanyimbi anagwira pamtima, n'kudzandira, n'kudzandiranso, n'kugwera m'dzenje muja, khu! Miyendo m'mwamba, lilime panja.

"Dzenje lasankha lokha!" analira Ndilekeni. "Ababa anga ine! Manda awalandira, musawatulutse!"

Nungu anasuzumira. Anazula munga wake umodzi, n'kuumangirira kunsonga ya nsungwi, n'kutsitsira m'dzenje. Anabaya pantchafu, malemu ali chete. Anabaya pansi pa mchira, malemu ali chete, koma khutu linagwedera. Anabaya pamphuno.

"Mayo-o!"

Anthu anaseka mpaka misozi, a Nguluwe amene anaseka ngakhale mutu unkawawa. Kanyimbi anakwera atazyolika, magazi ali chuchuchu pamphuno.

"Ndakugwira kawiri, wobwera," anatero Nungu. "Dzenjeli tilidyetsa monga ankachitira makolo. Kadulidwe thunthu la nthochi, tiliike m'malo mwa munthu."

"Nthochi, a nduna? Ili ndi mayi kuno?"

"Nthochi ndi mwambo."

"Pamene ndinkawasambitsa agogo anu aja, akazi awo anandiuza kuti mbewu yake inabwera pa bwato kuchokera kutsidya."

"Inabwera kalekale."

"Inenso sindinabwere dzulo."

"Nthochi sinunkha, ndipo siyankha akulu. Pita ukaikulunge m'mphasa, ndi ntchito yako."

Kanyimbi anakoka thunthu lija kupita nalo kuseri kwa tchire, kumene amakulungira mitembo, kumene eni dziko sayang'ana. Atafika uko nkhope yamanyazi ija inachoka. Mphuno anaipereka dala. Ankadziwa kuti Nungu akamugwira pagulu, anthu n'kuseka, ndiye kuti maso a nduna agona. Munthu amene wapambana kumene sasuzumira m'mphasa.

Analumaluma thunthu lija n'kulifupikitsa, naligoneka pamphasa, iye n'kugona pambali pake.

"Kulunga, mwanawe."

Ndilekeni anagwira luzi.

"Ababa, ndimange bwanji kholo lamoyo?"

"Manga molimba, mchira usaonekere. Ukawauze kuti ndathawa ndi manyazi. Udikire akwirire, apondeponde, ndiye ulire. Ine ndikatulukira kuminga kuja. Ndizikhala kuthengo, iwe uzindibweretsera ziwala posesa manda anga. Ndidzakhala wakufa wonenepa kuposa onse."

"Nanga zikakanika?"

"Zinayamba zandikanikapo?"

"Kawiri sabata yomwe ino."

"Pakamwa ngati amako. Manga!"

Poti m'mphasa munali nthochi, eni dziko sanaope kunyamula. Mphasa inkanunkha, koma nanga chimene Kanyimbi wagwira chinalekapo kununkha? Anamunyamula pamapewa, pang'onopang'ono, amayi akuyimba pambuyo. Kanyimbi m'katimo anati mumtima, "Ulemu uwu unali kuti masiku onsewa?" Pamanda Nungu anayankhula mawu. Anayamikira malemu kuti anali wofatsa, wodyetsa ana, wosayankha akulu, wosadziwa bwalo la milandu. Ena analira zenizeni. Anamutsitsa, namulowetsa m'kachipinda, natseka ndi timitengo. Dothi linayamba kugwa. Anakwirira, napondaponda, naika mwala kumutu.

Ndipo Ndilekeni anadzigwetsa pamtumbira.

"Ababa anga ine! Mwawakwirira ababa anga! Ali m'mphasamo!"

"Wapenga mwana uyu?" anafunsana anthu.

Pansi paja Kanyimbi anatulutsa fungo lonse lotsala. Linakwera m'ming'alu ya dothi, n'kuwapeza anthu ali kukamwa yasa. Panalibe wofunsanso umboni.

"Fukulani!" anakuwa a Nguluwe. "Dzenje limeneli linali langa!"

"Afukule ndani?" anatero mayi wina. "Wofukula manda ndi mfiti. Yambani inuyo tikuoneni."

Onse anayang'ana Nungu. Nungu anakukuta mano, n'kunena motsitsa kuti manda okwiriridwa safukulidwa. Mwambo ndi mwambo.

Kanyimbi anamva zonse. Anaseka mumdima muja mpaka dothi linamulowa m'kamwa. Anadula luzi ndi mano, natsanzika nthochi, nalowa m'kauna kake. Anakwawa, anakwawa, mpaka anaona kuwala kukudutsa m'masamba aja. Anati atulutse mphuno, n'kuona phazi. Pamwamba pa phazi, minga.

"Odi kumanda kuno," anatero Nungu.

Kanyimbi anabweza mphuno m'kati.

"Usavutike, wobwera. Ine ndinabadwira ku una. Dothi lofiira pansi pa chitsamba chouma ndimalidziwa tanthauzo lake."

"Wakufa sayankha, a nduna."

"Eya, ndi zomwe ndabwerera, kuti timvane. Ndabwera ndekha, palibe wina waona. Mwambo ukuti mwana wa amene wagona m'manda. Wagona, osati wadutsamo. Ukatuluka, mandawa ndi a nthochi, ndipo iwe ndi mwana wako mukagona pamchenga. Ukakhala, ndiwe wakufa wathu. Sindikukakamiza. Mwala ndi uwu, ndauika pambali. Ukati tsekani, nditseka. Ukati ayi, ndisuntha udutse."

"Bwanji mungotsinzina, a nduna? Ndipita kutali, simudzandionanso."

"Kukuona ayi, koma kukumva. Fungo lako limafika iwe usanafike. Tsiku lina mphepo idzatembenuka, anthu adzati Nungu anapusitsidwa ndi wobwera."

"Ndiye nkhani ndi manyazi anu."

"Nkhani ndi mwambo."

"Amayi anu ndinawasambitsa ndine. Anali ndi chilonda chimene inu simukanatha kuchiyang'ana. Ndinawagoneka bwino, mutu pa kamtsamiro ka udzu."

"Unagwira ntchito yako. Nkhuku unalandira."

"Nanga mukanditsekera muno, mawa inu adzakusambitsani ndani?"

"Obwera satha. Njala ikadzatha kudzabwera ena."

Kanyimbi anafufuza m'mutu mwake, ngodya zonse, monga mmene munthu amafufuzira m'thumba lobooka. Akumbe una wina? Nungu adzaika anyamata kuzungulira manda. Atuluke n'kumuthira fungo m'maso? Ndiye kuti watuluka. Anapeza kuti machenjera onse amene anabadwa nawo amathera pa chinthu chimodzi, kudzuka pomaliza. Tsono apa chofunika chinali kusadzuka.

Kumwamba kunagunda. Kamphepo kanalowa m'kauna kaja ndi fungo la mvula.

Ndiyeno anamva nyimbo. Anthu anali atabalalika, pamtumbira patatsala Ndilekeni yekha. Sankadziwa kuti ayimbe chiyani podikira, ndiye anatenga nyimbo yokumbira ija. Koma anayamba ndi mbali ya bambo wake, yofunsa nthaka kuti ndi ya yani. Akafika poyankha ankaima, poti wovomera panalibe, n'kuyambiranso. Kamayimbidwe kopepuka kaja sikanamveke kopepuka.

"Mwanayo mumpatsa munda?" anafunsa Kanyimbi.

"Mwana wa wogona m'manda amalandira tsache ndi munda. Mwambo umatero."

"Lumbirani."

"Pali manda awa."

"Musamuuze kuti munandipeza. Aziti ndili kuthengo, ndanyanyala."

"Sindiyankhula ndi ana."

"Tsekani tsono. Koma mutseke bwino, a nduna, mutsire ndi dothi m'mbalimu. Ndakwirira abale anu onse, palibe anabwerako kudzadandaula. Inu musandichititse manyazi ndi ntchito yosalongosoka."

Mwala unagubuduka, kuwala kunatha. Kanyimbi anabwerera chafutambuyo mpaka m'kachipinda muja, nagona pambali pa thunthu lija.

"Sunthako pang'ono, mwini dziko," anatero.

Pamwamba mtsikana anafunsanso nthaka funso lake. Kanyimbi anakoka mpweya umene unatsala, navomera kuchokera pansi, mbali imene sanayimbepo chiyambire. Ngati mwanayo anamva, ine sindidziwa. Madontho anali atayamba kugwa.

Mvula yoyamba inagwa tsiku lomwelo. Obwera otsala anawakweza bwato. Ndilekeni anamuitana pabwalo, mfumukazi Ntchefu n'kumupatsa tsache ndi dzanja lake, n'kumulozera munda m'mphepete mwa manda. Analima, anakolola, anakwatiwa. Ndipo poti kumadzulo mwana ndi wa mayi, ana ake anabadwa ali eni dziko. Lero zidzukulu zake zimakhala pabwalo kutsogolo, ndipo zikamayankhula a Nungu amatsina mphuno, koma amamvera.

Tsono ndani walitola bodza lija? Uyu akuti msozi wa Njati. Ayi, Njati analiradi, kulira sikuvuta. Uyo akuti kuika nthochi m'manda. Kafunseni akuluakulu kwanu. Palibe wokwera kumsana kwanga lero.

Bodza ndi munda uja. Ndinauikamo nditaona ena mwa inu mukupukuta m'maso.

Zimene zinachitika n'zakuti mvula itakata, akuluakulu anakhala pabwalo, Nungu n'kuima.

"Dzenje lija tinakumbira yani?"

"A Nguluwe."

"A Nguluwe ali kuti?"

"Ndi awa akudya apawa."

"Nanga tinanyamula yani? Tinalira yani? Mawu ndinayankhulira yani?"

"Nthochi."

"Ndiye mandawo ndi a nthochi. Chimene chinalowamo mozemba ndi katundu wa malemu. Ine ndinalumbira kuti mwana wa wogona m'manda alandira munda, ndipo lumbiro sindiphwanya. Ana a malemu ali kuti?"

Anakakumba mphukira pa tsinde pamene anadula thunthu lija, n'kuzidzala m'mphepete mwa manda, munda wonse. Ndilekeni anamukweza bwato lomaliza. Anakwera osalimbana, akuyang'ana kuthengo, akuti bambo wake atulukira ndi nzeru ina.

Nthochizo zilipo mpaka lero, zimabereka mikoko ikuluikulu. Eni dziko amadandaula kuti zili ndi kafungo. Koma amadya.

Yathera pamenepa. Amene ali ndi kwawo azipita.